Fulashi ya mafilimu a mizukwa a ku Asia imene ndinadzazitsa pa Chitakale

Pa Chitakale, chakufupi ndi mphambano pamene msewu wopita ku Likhubula ndi ku Phalombe umapatukira kusiyana ndi wolunjika ku boma ndi ku Muloza, pali kashopu ka chipinda chimodzi komwe amatchajako mafoni, kubena nyimbo ndi kuthira mafilimu m'mafulashi ndi m'mamemore khadi. Dzina lake sinditchula, chifukwa zina mwa zimene ndinene pano si zotamanda, komanso mashopu a mtundu umenewu ali mbwee kuyambira pa Nkando mpaka ku Limbuli, moti zimene ndinapeza pamenepa mwina n'zimene mungapezenso kwina. Ndinapitako mwezi wa June, nyengo ya chiperoni, pamene mdima umagwa msanga ndipo munthu amafuna chomukhazika m'nyumba, ndipo ndinapempha mafilimu oopsa a ku Asia okhaokha. Mnyamata wa pakompyuta anandifunsa kuti, "Bambo, mukufuna omasulira kapena osamasulira?" Ndinamuyankha kuti asakanize, chifukwa ndinkafuna kuyerekeza.

Pa ntchito yeniyeni ya shopuyi ndilibe madandaulo ambiri. Mnyamatayo anandiikira mafilimu 12 ine ndili chikhalire pa benchi, ndipo 7 mwa iwo anali omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata aja amatchedwa ma DJ, amene amalankhula pamwamba pa filimu kuyambira poyamba mpaka pamapeto, pomwe otsalawo anali ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Ndalama imene ndinalipira inali yochepa poyerekeza ndi imene ndikanaononga pogula bandulo yoti nditsitsire ndekha ngakhale mafilimu awiri okha. Zithunzi za mafilimu atsopano zinali zowala bwino, koma za akale zinali zotuwa ngati zojambulidwa kuseri kwa utsi. Filimu imodzi inkaima pakati n'kukana kupitirira, ndipo fulashi yanga inabwerako ndi vayirasi imene inabisa mafoda a ntchito zanga. Nditabwerera m'mawa mwake mnyamatayo sanalimbelimbe. Anangoti, "Pepani bambo, magetsi anathima ndili mkati mokopa," kenako anayeretsa fulashiyo n'kuikamonso filimu ija osandilipiritsa. Zoti eni mafilimuwa sapezapo kanthu pa makope otere n'zoona, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chinthu choyamba kundikhumudwitsa chinali dzina la foda. Mafilimu onse anali pansi pa mutu umodzi wakuti "Zachitchaina zoopsa", chonsecho imodzi yokha ndiyo inali ya ku Hong Kong, ina ya ku Taiwan, ndipo otsalawo anali a ku Japan, South Korea, Thailand ndi Indonesia. Wina anganene kuti zimenezi n'zazing'ono, koma taganizani mlendo atasonkhanitsa tchopa, gule wamkulu, vimbuza ndi ingoma n'kuzitcha zonse magule a ku Nigeria. Anthu a m'maiko amenewa amaika maliro mosiyana, amapembedza mosiyana, ndipo mizukwa yawo imabadwa m'miyambo yosiyananso. Ukaonetsetsa, ambiri mwa mafilimu amenewa si a ufiti ayi, koma a maliro osalongosoka: munthu amene anafa moponderezedwa, amene anaikidwa malo olakwika, amene sanaikidwe n'komwe, kapena amene mbumba yake inamuiwala. Chovala, mchere, ulusi, pepala kapena nkhumba zimene zikuoneka pa sikirini zili ndi ntchito yake pa mwambo wa anthu enieni. Tsoka lake n'lakuti womasulira amene anagwira mafilimu ambiri pa fulashi yanga, mnyamata wa mawu amphamvu ndi nthabwala zosatha, ali ndi mawu atatu okha ofotokozera zonsezi: mfiti, chiwanda ndi zasataniki.

Aliyense amene anaonerapo mafilimu a ku Japan amamudziwa mkazi uja wovala zoyera, wa tsitsi lalitali lophimba nkhope. M'filimu ya Ringu, imene Hideo Nakata anatulutsa mu 1998, womasulira wathu anamutcha wamisala wosapesa tsitsi, ndipo ana a m'nyumba mwanga anaseka. Koma zoyera zija ndi chovala chimene a ku Japan ankaveka maliro, ndipo tsitsi lomasuka lija lili ndi tanthauzo lomwelo, pakuti kale akazi a kumeneko ankamanga tsitsi lawo m'mwamba ali moyo, ndipo linkamasulidwa pokonza thupi kuti likaikidwe. Ngakhale kapindidwe ka kimono, chovala cha makolo cha ku Japan, kamasiyanitsa wamoyo ndi wakufa: wamoyo amaika mbali ya kumanzere pamwamba pa ya kumanja, pomwe mtembo amauveka mosemphanitsa. Motero woonera wa ku Japan akangomuona mkazi uja amadziwiratu kuti akuona mtembo umene wadzuka, monga mmene ife tingamvere titakumana ndi munthu pa njira ya m'munda wa tiyi atakulungidwa m'sanda, thonje lili m'mphuno. Mzimu wotere amautcha onryo, ndiwo mzimu wa munthu amene anafa ali ndi mangawa aakulu. Chichewa sichisowa mawu ofotokozera zimenezi, koma mawu akuti chiwanda, amene masiku ano anthu ambiri amawamva monga mmene amamvekera m'tchalitchi, amachotsa umunthu wa womwalirayo n'kumusandutsa mdani wopanda mbiri.

Chitsime cha m'filimuyi, momwe munatayidwa mkazi wovala zoyera uja, nachonso sichinangopekedwa. Ku Japan kuli nthano yakale ya wantchito wamkazi wotchedwa Okiku, amene anamunamizira kuti wataya mbale imodzi mwa mbale khumi zamtengo wapatali za bwana wake, n'kumupha ndi kumuponya m'chitsime, ndipo usiku uliwonse mawu ake ankamveka akuwerenga mbale mpaka zisanu ndi zinayi kenako n'kulira. Mpaka lero alendo okaona nyumba yakale ya mafumu ya Himeji amawaonetsa chitsime chotchedwa dzina lake. Ndiye pamene mayi wa m'filimu ya Ringu akutsikira m'chitsime n'kunyamula mafupa a mtsikana amene anatayidwamo, woonera wodziwa mwambo amapuma mtima pansi, poganiza kuti zatha: mafupa apezeka, womwalira walandira ulemu wake, mzimu ugona. Chimene chimaopsa m'filimuyi n'chakuti mzimuwo sugona. Mwambo wachitika molongosoka, koma mangawa akula kuposa mwambo. Nthawi imeneyi, imene ndi mtima wa filimu yonse, womasulira wathu anali kalikiliki kupereka moni kwa anzake a kabaza ndi kutchula nambala yake ya foni.

Sindinaseke naye pamenepo. Ife a kuno, chiyambire March 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, tikudziwa kulemera kwa maliro opanda thupi, pakuti pali mabanja ambiri amene analira popanda choika m'manda, akulu n'kumangoti Napolo wadutsa. Munthu wa m'boma lino safunika kuuzidwa chifukwa chimene mafupa a m'chitsime alili nkhani yaikulu. Amangofunika kuti womasulira akhale chete kwa mphindi imodzi. Pali chinthu china chimene chinandimwetulitsa ndekha. M'filimuyi munthu akaonera kaseti yotembereredwa amafa pakatha masiku 7, ndipo njira yokhayo yopulumukira ndi kukopa kasetiyo n'kuonetsa munthu wina. Ndinamuuza mnyamata wa pashopu kuti ngati zili choncho ndiye kuti iyeyo sadzafa msanga.

Pali tinthu ting'onoting'ono timene timadutsa mofulumira pa sikirini, koma ndi timene timanyamula tanthauzo. Mchere ndi chimodzi mwa ito. A ku Japan amadziwaza mchere pochokera kumaliro asanalowe m'nyumba, ndipo ena amaunjika timilu ta mchere pakhomo, chifukwa kwa iwo mchere umayeretsa. Ku Korea nakonso amauwaza pothamangitsa tsoka. Kwathu kuno mchere ndi wolemekezekanso, koma ntchito yake ndi ina: ndi njira imene kutentha kwa munthu wosadika kumadutsira n'kukadwalitsa ena tsempho, n'chifukwa chake pali nthawi zimene mayi sathira mchere m'ndiwo. Womasulira wanzeru akanapezerapo mwayi wouza woonera kuti mchere wa kumeneko ukugwira ntchito imene kwathu imagwiridwa ndi madzi osamba pochokera kumanda. M'malo mwake anati munthuyo akuthira mankhwala a ufiti. Chimodzimodzi timitengo todyera tozikidwa chilili m'mbale ya mpunga, timene ku Japan ndi ku China ndi chizindikiro cha chakudya choperekedwa kwa akufa, ndiponso nambala 4, imene m'zilankhulo za ku Japan, China ndi Korea imamveka ngati mawu otanthauza imfa, moti m'nyumba zina zosanjikizana amaidumpha. Zonsezi zinadutsa osatchulidwa.

Filimu imene inandibwezera ndalama yanga ndi Exhuma, ya ku South Korea, imene Jang Jae-hyun anatulutsa mu 2024 ndipo inaoneredwa ndi anthu oposa 11 miliyoni m'nyumba zoonetsera mafilimu za m'dzikolo. Mwamwayi imeneyi inagwa m'manja mwa womasulira wina, wa mawu odekha, amene zikuoneka kuti anayamba waionera yonse asanatsegule pakamwa. Nkhani yake ndi ya banja lolemera la Chikoreya lokhala ku Los Angeles, limene khanda lake likungolira osatonthola ndipo madokotala sakupeza matenda. Mkazi wamizimu, amene kwawo amamutcha mudang, akuwauza kuti amene akuvutitsa mwanayo ndi agogo ogona m'manda oipa, ndipo manda amenewo ayenera kufukulidwa. Akuitana anthu ena awiri: wokonza maliro, ndi mkulu wina katswiri wa pungsu, luso losankha malo abwino a manda ndi nyumba poona kakhalidwe ka phiri, madzi ndi mphepo. Mkuluyu amafika polawa dothi la m'manda ndi lilime kuti adziwe ngati malowo ali abwino. Atakwera phiri n'kuona manda opanda dzina pa chiliza, nkhandwe zikuyendayenda pafupi, akukana ntchitoyo, ndipo akungoivomera pokakamizidwa.

Usiku umene tinaonera filimuyi kunali azakhali anga a kufupi ndi Chonde, amene sakonda mafilimu ndipo anangokhala nafe chifukwa mbaula inali pabalaza. Itafika nthawi yofukula, mdzukulu wa womwalirayo anamenya manda ndi fosholo katatu akulengeza mokweza kuti akufukula, ndipo azakhaliwo anatukula mutu n'kunena kuti, "Amenewa ndi anthu odziwa mwambo, mwanawe; manda salowedwa osaodira." Kuyambira pamenepo sanachotsenso maso pa sikirini. Mwambo umene ukutsatira, umene a ku Korea amautcha gut, ndi wa ng'oma, zitsulo zolira ndi kuvina: mudang akuvina ndi mipeni, akudzipaka magazi kumaso, ndipo akubaya nkhumba zisanu zophedwa kale zimene zaimikidwa pafupi ndi mandawo. Okumba nawonso ndi asanu, osankhidwa chifukwa anabadwa m'chaka cha nkhumba pa kawerengedwe kawo ka zaka kamene kali ndi nyama 12, ndipo cholinga chake n'chakuti mkwiyo wotuluka m'mandamo usokonezeke n'kugwera nkhumba zakufazo m'malo mwa anthu. Womasulira uja anawatcha okumbawo adzukulu, anatcha nkhumbazo nsembe, ndipo ananena kuti mudang akupepesa, osati akulodza. Mawu atatu amenewa anatsegula filimu yonse. Azakhali anamva, ana anamva, ndipo mmodzi mwa okumbawo atapha njoka yachilendo imene inatuluka m'dothimo, panalibe wofunika kuuzidwa kuti walakwira malo. Ife okhala m'tsinde mwa phiri limene nsonga yake ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ili ndi malamulo ake osalembedwa, amene akulu amati ukapezako chakudya chokonzedwa udye wekha osaitana mnzako, timadziwa kuti pali malo amene munthu sachitapo zinthu mwachisawawa.

Panali chinthu chimodzi chimene azakhali anadabwa nacho, ndipo womasulira sanachifotokoze. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani tsoka likutsata ana aamuna oyamba kubadwa, nanga mwinimbumba ali kuti pamene manda akufukulidwa. Yankho lake n'lakuti ku Korea mtundu umatsata kuchimuna, ndipo udindo wopereka nsembe za chaka ndi chaka kwa makolo, zimene amazitcha jesa, kuyambira kale unkagwera mwana wamwamuna wamkulu. Kwa Alhomwe ndi Amang'anja, kumene malume ndiye mwini nkhani za mbumba, filimu yomweyi ikanalembedwa mwanjira ina, ndipo amene akanalota maloto oipa akanakhala ana a mlongo wa womwalirayo. Gawo lachiwiri la filimuyi linamuposa womasulira wathu wabwino uja. Pansi pa bokosi loyamba pali bokosi lina loimikidwa chilili, ndipo nkhani ikutembenukira ku zaka za 1910 mpaka 1945 pamene Japan inkalamulira Korea. Anthu ambiri a ku Korea amakhulupirira kuti atsamundawo anakhoma zikhomo zachitsulo m'mapiri kuti adule mphamvu ya dziko, ngakhale kuti akatswiri a mbiri ambiri amati zinali zikhomo za oyeza malo, ndipo filimuyo imavomereza yokha kuti pali mtsutso umenewu. Womasulirayo anangoti kwatulukira chimphona. Komatu munthu wa ku Mulanje kapena ku Thyolo, kumene nthaka yabwino inasanduka minda ya tiyi m'nthawi ya atsamunda ndipo mawu akuti thangata sanaiwalike, akanamva msanga nkhani ya dziko lovulazidwa ndi alendo akanangouzidwa m'ziganizo ziwiri.

The Wailing, ya ku South Korea, ya Na Hong-jin ya mu 2016, ndiyo inaonongedwa kwambiri, ndipo inagwa m'manja mwa wanthabwala uja. Filimuyi ndi yaitali, yoposa maola awiri ndi theka, ndipo mphamvu yake yonse ili pa kusadziwa. Wapolisi wa m'mudzi wa kumapiri ali ndi mwana wamkazi wodwala modabwitsa, ndipo sakudziwa woti amukhulupirire pakati pa wamizimu amene walipidwa ndalama zambiri, mkazi wachilendo wovala zoyera, ndi a tchalitchi amene akumuuza kuti apite kuchipatala. Kholo lililonse limene linayendapo ndi mwana kuchokera kuchipatala kupita kwa mneneri, kuchoka kwa mneneri kupita kwa sing'anga, likudziwa mtima umenewo. Filimuyi imayamba ndi mawu a pa Luka 24, pamene ophunzira ankayesa kuti akuona mzukwa, ndipo chakumapeto bamboyo akuuzidwa kuti adikire tambala alire katatu asanalowe m'nyumba mwake, zimene Mkhristu aliyense angazilumikize ndi nkhani ya Petulo. Pakati pake pali mwambo wautali wa ng'oma, nkhuku ndi mbuzi, umene waonetsedwa mosinthanasinthana ndi mwambo wina wochitikira m'nkhalango, mwadala, kuti woonera asadziwe amene akulasa ndi amene akulasidwa. Womasulira wathu, mphindi zochepa filimu itangoyamba, analoza munthu mmodzi n'kulengeza kuti, "Uyu ndiye mfiti, musamukhulupirire." Sindinena ngati analondola kapena ayi, koma chimene anachita chili ngati kuulula yankho la chilape wofunsa asanamalize kufunsa.

Mafilimu a ku Thailand ndi amene ali pafupi kwambiri ndi ife, ngakhale kuti chipembedzo chachikulu cha dzikolo ndi Chibuda. Anthu a kumeneko amamanga tinyumba ta mizimu pafupi ndi nyumba ndi mashopu awo n'kumaikamo maluwa, lubani, chakudya ndi zakumwa, ndipo aliyense amene anaonapo kachisi wa makolo m'mudzi angatizindikire. The Medium, ya mu 2021, yochitikira m'chigawo cha Isan kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, ikunena za banja limene akazi ake amalandirana udindo wokhala pakamwa pa mzimu wina. Mkazi mmodzi anakana udindowo n'kulowa Chikhristu, mng'ono wake ndiye anaulandira, ndipo patapita zaka mwana wa wokana uja akuyamba kudwala matenda osadziwika. Matenda a mizimu amene amachira ndi ng'oma si achilendo kwathu. Alhomwe ali ndi nantongwe, Atumbuka ali ndi vimbuza, ndipo mkangano wa m'banja pakati pa ofuna kuimba ng'oma ndi ofuna kuitana abusa tinauonapo tonse. Gawo loyamba la filimuyi ndi lokoma ndi loleza, lodzaza ndi mafunso enieni okhudza kukana maitanidwe ndi kulipira milandu ya makolo. Gawo lomaliza, m'kuona kwanga, linataya ulemu n'kusanduka magazi okhaokha, ndipo pamenepo vuto si la womasulira. Ulusi woyera umene amamanga nawo anthu ndi nyumba pa miyambo yawo amautcha sai sin, ndipo ntchito yake ndi kuteteza ndi kulumikiza opemphera ndi dalitso. Womasulira anautcha chingwe chomangira wamisala.

Nang Nak, ya mu 1999, inali yosamasulira, ndipo mwina n'chifukwa chake inandikhudza kwambiri. Ndi nthano yodziwika ku Thailand konse ya mkazi amene anamwalira pobereka mwamuna wake ali kunkhondo, ndipo mwamunayo atabwerera anakhala naye m'nyumba osadziwa kuti mkazi ndi mwana yemwe ndi mizimu. Anthu a ku Bangkok mpaka lero amapita ku kachisi wake ku Wat Mahabut kukasiya zovala ndi zidole. Apa palibe mfiti ngakhale imodzi. Pali imfa ya uchembere, imene miyambo yambiri, kuphatikizapo yathu, imaitenga ngati imfa yolemera yofuna kusamala kwapadera, ndi chikondi chimene chakana kuvomereza kuti maliro anachitika.

Kumene nthabwala za womasulira uja zinagwira ntchito ndi pa Mr. Vampire ya ku Hong Kong ya mu 1985, pakuti filimuyo ndi yoseketsa kale. Mitembo yodumphadumpha manja ali patsogolo, wansembe wa chipembedzo cha Tao woimitsa mtembo poumata pepala lachikasu lolembedwa pamphumi, mpunga womata wochotsa ululu wa mtembo, anthu ogwira mpweya kuti mtembo usawaone, zonsezi zinayenda bwino ndi Chichewa chake chamsangala, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Komabe ngakhale apa pali muzu wa mwambo, chifukwa mitembo yodumphayi imachokera ku nkhani zakale za ku China za anthu amene ankalembedwa ntchito yobweza kwawo matupi a omwalira kutali, poopa kuti woikidwa kuchilendo sagona. Amene anasonkhapo ndalama zobweretsera m'bale womwalira ku Johannesburg akudziwa kuti maganizo amenewa si a ku China kokha. Ya ku Indonesia inali ndi pocong, mtembo wokulungidwa m'sanda umene anthu amati umadzuka chifukwa zingwe zake sizinamasulidwe m'manda, chinthu chimene abale athu Achisilamu angachimve mosavuta, koma zithunzi zake zinali zakuda kwambiri moti sindinaimalize. Ya ku Taiwan ndinaigonera.

Pali vuto lina limene silikhudza mawu koma makutu. Kuti womasulira amveke, amatsitsa kapena kuzimitsiratu phokoso la filimu nthawi iliyonse akamalankhula, ndipo popeza salekeza kulankhula, ng'oma za gut, mapemphero a ansembe Achibuda ndi bata limene opanga filimu analiika mwadala zimangomveka mwa apo ndi apo ngati wailesi ya mabatire otha. Mwambo wopanda ng'oma zake suli mwambo, ndipo aliyense amene anaimapo pa bwalo la tchopa akudziwa kuti chimene chimagwedeza mtima si zimene maso akuona zokha. Ndinaonanso kuti m'mafilimu awiri munali zigawo zodulidwa, ndipo zodulidwazo zinali zoleza zija, za anthu akukonza nsembe kapena atakhala chete pamaliro, pomwe za magazi zinasiyidwa zonse. Chomaliza n'chakuti pa shopupo sikirini yoyang'ana kunja imaonetsa mafilimu omwewa masana, ana a sukulu ataunjikana pakhomo. The Medium si filimu yoti mwana wa sitandade 4 aione ngakhale kwa mphindi zisanu, ndipo ndinamuuza mnyamatayo zimenezi poyera. Anavomera mwaulemu, koma sindinaone ngati anasintha.

Amene akufuna kudzazitsa fulashi pamenepa apite, chifukwa mtengo ndi wabwino ndipo mwini ntchito ndi womvera, koma atsegule filimu iliyonse pakompyuta yomweyo asanachoke, apite ndi fulashi yopanda ntchito zofunika, ndipo pa mafilimu a ku Korea ndi ku Japan apemphe makope awiri, womasulira ndi wosamasulira. Nditabwererako kachitatu kukapempha The Wailing yosamasulira, ndinamufunsa mnyamatayo chifukwa chimene sasungira yambiri ya womasulira wodekha uja. Anayankha kuti, "Bambo, anthu kuno amafuna kuseka, wodekhayo amangomufuna ndinu nokha ndi aphunzitsi awiri." Anandionetsanso kuti watsegula foda yatsopano monga ndinamupemphera, n'kuitcha "Zachikoreya". Munali mafilimu anayi, ndipo imodzi mwa iyo inali Nang Nak.